Makhadi a ku Zilumba

Panyanja, tikulowera ku Seychelles
16 Febuluwale 2020

Asisi Dyna,

Muli bwanji ku Perth? Nanga agogo anu achizungu a ku Midland, akukutukwanibe mukamawasambitsa? Ine ndili bwino, kungoti chichokereni ku Cape Town dzuwa ndaliona kawiri kokha.

Munafunsa za sitima. Asisi, iyi si sitima, ndi tauni. Pamwamba pali maiwe atatu osambiramo, ndipo nkhalamba zolemera zimagona pamipando tsiku lonse zikumwa zakumwa zobayikamo tiambulera. Zonsezi ndimangomva kwa anzanga. Ine ndili pansi penipeni, kunsi kwa madzi, kochapira zovala. Kulibe windo. Tsiku limene sitima yaima pachilumba ndiye tsiku lathu lowawa, chifukwa mlendo aliyense amabwerako ndi matawulo atatu onyowa, choncho ife ochapa sititsika. Zilumba ndimazidziwira ku mchenga wotsalira m'matawulo. Wa ku Mauritius unali wotuwirako. Akuti wa kutsogoloku ndi woyera mbee, tikauona m'makina.

Tsono ndikuuzeni chinsinsi. Amayi anauza kale Mponela yense kuti mwana wawo akuzungulira dziko, ndiye sindingawalembere za matawulo. Ndinagula makhadi a zithunzi za zilumba zonse m'shopu ya m'sitima muno, n'kuwalemberatu onse tsiku limodzi, ndikuonera m'kabuku ka alendo. Mnzanga Mcdonald wa ku Zimbabwe, woperekera zakudya, ndiye amatsika, ndipo amandiponyera limodzi padoko lililonse. Musandiulule. Paja amayi ndi aphunzitsi, akadziwa kuti ndimakopera andipatsa ziro.

Tifika ku Fremantle, doko la kwanuko, pa 27 Malichi ndipo andilonjeza maola asanu ndi limodzi. Mubwere ndi galimoto. Mundiphikire nyemba za tomato ndi anyezi basi, kenako mundisiye ndikhale padzuwa.

Mlongo wanu,
Lamson

*

Mponela
12 Malichi 2020

Wokondedwa mwana wanga Dyna,

Ndikhulupirira uli bwino monga ndilili ine, kupatula BP imene ikukwera ndi kutsika mmene ikufunira. Mankhwala unatumiza aja atsala a mwezi umodzi, uzikumbukira. Kalatayi ndalemba pamanja monga mwa nthawi zonse, alamu anga a Janeth aijambula ndi foni yawo n'kukutumizira. Usandiuzenso zogula foni ya WhatsApp. Ndaphunzitsa ana kulemba zaka makumi atatu, sindingayambe lero kutokosa galasi ndi chala. Kafoni kanga kakang'onoka kandikwanira.

Khadi la Lamson lafika! La ku Mauritius, madzi ake obiriwira mpaka munthu kukayikira. Akuti anasambira pakati pa nsomba zamawangamawanga. Lamson ameneyu, amene ankalira powoloka Kasangadzi madzi ali m'mawondo! Khadilo ndaliika m'Baibulo, ndipo ku Mvano palibe mayi amene sanaligwire.

Nkhani ina ndi ya ukwati wa Sekani, mwana wa amalume ako a Goodwill. Ulipo Loweruka pa 9 Meyi. Ine monga azakhali ake ndasoketsa kale chovala, ndipo ndivina mpaka anthu adziwe kuti mawondo ndikadali nawo. Amalume ako sakugona tulo ndi zokonzekera.

Matenda akunenedwa pa wailesi aja kuno sanafike. Lamson akatsika kumeneko umuuze azitalikirana ndi azungu otsokomola. Umuyang'ane bwinobwino, undiuze ngati wanenepa.

Ndine amayi ako,
Annastazia

*

Midland, Perth
2 Epulo 2020

Amayi,

Moni. Ndasangalala kumva kuti muli bwino. Mankhwala ndatumiza kudzera kwa a Janeth, muzimwa m'mawa uliwonse osadumphitsa.

Sitima ya Lamson inafika, koma boma silikulola ogwira ntchito kutsika chifukwa cha matendawa. Alendo okha ndi amene anawatulutsa pa mabasi kupita nawo ku kwarantini. Ndinapita ku Fremantle ndi mphika wa nyemba m'galimoto, apolisi anandibweza pageti. Ndinaima kutsidya kwa doko n'kumaiyang'ana sitimayo. Ndi yaikulu kuposa tchalitchi chathu kangapo, yoyera, yokongoladi.

Ndinalankhula naye pa foni. Ali ndi kachimfine pang'ono, koma akuwasamala. Akupereka moni. Musadandaule akakhala chete, netiweki m'sitima ndi yovuta.

Ku ntchito kwathu atseka zitseko, achibale a agogo aja saloledwa kulowa, ndipo tikugwira shifiti ziwiriziwiri titavala masiki. Mutipempherere.

Mwana wanu,
Dyna

*

Midland, Perth
15 Epulo 2020

Amalume a Goodwill,

Ndikulemberani inu nokha. Kalatayi asaione amayi.

Lamson watisiya dzulo masana.

Chimfine ndinawauza amayi chija sichinali chimfine. Ochapa ndi amene ankalandira nsalu zonse za m'zipinda za odwala, ndipo kochapirako kulibe mpweya wotuluka. Anadwala asanu ndi atatu. Pa 4 Epulo anamutsitsa pa ambulansi akubanika. Ine ndimasamala anthu a eni tsiku ndi tsiku, koma m'chipatala cha mlongo wanga sanandilole kuponda ngakhale pakhomo. Mwayi wake, mu wodi imeneyo muli nesi wa kwathu, a Dora a ku Kasungu. Iwo ndi amene ankamugwirira foni kuti ndimuone, ndipo ndi amene anamulankhula Chichewa pomaliza. Akuti anafunsa ngati bedi lingayandikire kuwindo.

Amalume, ndili ndekha ndipo mutu sukugwira. Ndakhala ndikutenga foni kuti ndiwaimbire amayi, n'kuibwezanso pansi. Ndikudziwa kuti uthenga wotere sitiuza mayi wobereka pa foni. Pamafunika munthu apite, akhale nawo pansi, pakhale amayi ena oti awagwire. Inu ndinu mwini mbumba, ndipo kwanu ndi kwa amayi ndi mtunda woyenda pansi. Chonde pitani mawa. Mutengeko a Janeth ndi abusa, muonetsetse kuti amayi amwa kaye mankhwala.

Thupi lili ku mochale. Ndege zopita kwathu palibe. A kampani ya sitima akuti njira yachidule n'kuliwotcha, phulusa lidzatumizidwe. Ndakana. Ndikufuna amayi anene okha chochita ndi mwana wawo.

Dyna

*

Mponela
18 Epulo 2020

Mwana wathu Dyna,

Kalata yako taiona ndipo tasweka mtima. Mulungu akulimbitse kumene uliko. Wachita bwino kwambiri kubwera kwa ife osati kwa amayi ako, zikuonetsa kuti kunja sikunakuiwalitse mwambo.

Ndakhala pansi ndi akuluakulu angapo a pabanja ndiponso abusa. Tonse taona chimodzimodzi. Mlongo wanga ndi wa BP, ndipo sabata yathayi inakwera mpaka anagona masiku awiri. Tikapita lero tikamuuza chiyani? Akafunsa kuti mwana wanga ali kuti, tiloza kuti? Maliro opanda thupi amapha otsala. Tiyeni tidikire ndege zitseguke. Bokosi likadzanyamuka kumeneko, ife kuno tidzapita m'mawa mwake monga mwa dongosolo, kuti kulira kwake kudzakhale ndi polekezera.

Zowotcha usavomere, kwathu kulibe zimenezo. Uwauze azunguwo asunge thupi, mafiriji ali nawo.

Pakadali pano ukamalemba kwa amayi ako uzilemba monga kale. Zinazi utisiyire ife akulu.

Amalume ako,
Goodwill

*

Midland, Perth
10 Meyi 2020

Amalume,

Ndakuimbirani kasanu ndi kawiri, foni mukupatsira a Janeth kuti muli ku komiti ya ukwati. Ndiye ndilembe.

A ku mochale anadikira milungu itatu, kenako anati sangathenso. Tamuika dzulo kumanda a kuno ku Midland. Tsikulo sindinasankhe ine, ndi lokhalo limene anatipatsa. Lamulo likulola anthu khumi okha, tinaima motalikirana ngati odana. Manda anakumba ndi makina. Bokosi silinatsegulidwe. Ananyamula ndi a Mulenga a ku Zambia, oyendetsa mathiraki ku Kewdale, ndi anzawo atatu amene Lamson sanawaonepo. A Dora anayambitsa nyimbo, koma m'masiki mawu samveka, tinangoimba vesi limodzi. Dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha, ndinaponya dzanja limodzi m'malo mwa amayi.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Janeth atumiza mavidiyo a ukwati pa gulu la banja la WhatsApp. Ndawaona amayi akuvina kutsogolo, akulululutira, inu mukuwaombera m'manja.

Ndikufunseni, amalume, ndipo mundikhululukire ngati ndi mwano. Kodi ndi BP ya amayi imene mumaopa, kapena mumaopa kuti maliro akagwa pabanja ukwati wa Sekani uimitsidwa? Ukwati watha tsopano. Bokosi lodikira kulibenso. Pitani.

Amayi akundifunsa, ndipo ndawauza kuti sitima inachoka ndi antchito ake kukaima kunyanja ya ku Manila kumene kulibe netiweki. Sitimayo inapitadi. Bodza langa ndi lakuti iye alimo.

Dyna

*

Mponela
3 Seputembala 2020

Iwe Lamson,

Kalatayi ndikupatsira mlongo wako, adziwa yekha mmene angakupezere kunyanja kwakoko. Uli bwanji, bwana wa pamadzi? Miyezi isanu osamva mawu ako! Ngakhale kundende amalola munthu kulemba.

Koma lero ndakukhululukira. A positi ayambanso kugwira ntchito, ndipo andipatsa makhadi ako awiri nthawi imodzi, la ku Seychelles ndi la ku Maldives. Ayenda miyezi isanu ndi umodzi, afika ngodya zitapindika. Ukuti unaona fulu wamkulu woti munthu n'kukwerapo. Ukuti ku Maldives nyumba zili pamwamba pa madzi ndipo unadya chakudya chamadzulo mapazi ali munyanja. Ndawerenga mpaka ndaloweza. Chichewa chako chakhala ngati cha m'buku, koma zilembo zikadali zopendama ngati kale.

Ndinapita nawo ku Mvano. Amayi a masiku ano sindikuwamvetsa, kaya ndi nsanje. Khadi loyamba lija ankalimbirana, awa angowayang'ana n'kupatsirana mwakachetechete. Abusa anagwira limodzi nthawi yaitali, kenako anati tipemphere. Komabe anthu akundikonda chaka chino kuposa kale. Ena amabwera kudzandisesera pabwalo, ena kudzanditungira madzi, osawatuma. Ndikuona ukalamba wayamba kuonekera.

Ukwati wa Sekani unauphonya, ndinavina m'malo mwako. Amalume ako sakubweranso kuno kawirikawiri, tikakumana kutchalitchi amakhala othamanga.

Chipinda chako ndapakitsa laimu. Akuti ndege zayambanso kutera ku Lilongwe, ndiye usandiuze zambiri. Khirisimasi ino udyera pano. Usavutike ndi mphatso, ungonditengera mchenga pang'ono wa kuzilumbako m'kabotolo, ndiuone ndi maso anga.

Amayi ako

*

Midland, Perth
5 Seputembala 2020

Amalume,

Mwaiona kalata imene amayi alembera Lamson? Yadutsa pa foni ya akazi anu, ndiye musanene kuti simunaione. Ndaiwerengera m'galimoto pa malo oimika ku ntchito, ndalephera kulowa shifiti.

Mponela yense akudziwa kupatula mwini mwana. Mukapanda kupita sabata ino, ndiwaimbira ndekha pa kafoni kawo.

Dyna

*

Mponela
9 Seputembala 2020

Dyna,

Mawu ako akula. Sitinaiwale, tikukonza. Nkhani yafika povuta chifukwa papita nthawi, ndipo amayi ako adzafunsa masiku. Pafunika agogo ako aang'ono a ku Mchinji akhalepo, ndiwo amene amawamvera, koma akudwala mwendo. Akangochira tipita tonse.

Za foni ndikuchenjeze. Amayi ako amakhala okha m'nyumba. Ukaimba, iwo n'kugwa pansi popanda wowadzutsa, udzayankha ndiwe, ndipo uli kutali. Ganiza bwino.

Amalume ako

*

Mponela
21 Okutobala 2020

Dyna,

Sindikufunsa ngati uli bwino, chifukwa yankho lako ndikulidziwa kale, ndipo sindingalikhulupirire.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera galimoto ya kampani yonyamula katundu. Dalaivala anafunsa Mayi Annastazia Kamwendo, ndinasaina, ananditsitsira sutikesi ya Lamson. Ndinasangalala, Dyna. Ndinati watsogoza katundu, mwini wake ali m'njira. Ndinaikokera m'chipinda chake chopaka laimu chija n'kuitsegula ndekha.

Pamwamba panali kalata ya Chingerezi yochokera ku kampani ya sitima. Chingerezi ndimachidziwa. Ndinaiwerenga kawiri, ndipo sindinagwe. Ndikufuna uwauze onse amene ankandisungira mtima wanga kuti sunaime. Ndinakhala pabedi, kenako ndinatenga buku langa limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku. Pa 14 Epulo ndinalemba kuti ndakolola mtedza ndipo kunja kunacha bwino.

Ndinayenda wapansi kupita kwa amalume ako kalatayo ili m'manja. Janeth atangondiona anagwada pakhonde n'kuyamba kulira, ine ndisanatsegule pakamwa. Ndi pamene ndinadziwa za ondisesera pabwalo aja. Ndinamuuza andionetse zonse za m'foni mwake, ndipo anandionetsa makalata ako, ndi chithunzi cha manda. Ndinaona tsiku limene munamuika, 9 Meyi. Buku sindinalifunenso. Chovala ndinavina nacho chija chili m'chimbudzi chokumba.

Achimwene anga a Goodwill anabwera madzulo ake ndi akuluakulu anayi, atavala majekete, kudzandiuza mwa dongosolo. Ndinawayalira mphasa, ndinawasiya alankhule mpaka amalize. Anati ankaopa BP. Ndinawafunsa kuti pamene ankandiombera m'manja pa ukwati paja, BP yanga inali pati.

Mawa lake ndinatulutsa mipando m'nyumba, ndinaika masamba pamsewu ndi manja anga, kuti odutsa adziwe kuti pano pali maliro. Anthu anabwera ambiri, a Mvano anaimba bwino. Koma misozi yawo anaigwetsa kale mu Epulo, m'nyumba zawo, zitseko zili zotseka. Wolira ndinali ndekha, ena onse ankangondiyang'ana.

M'sutikesi munali mayunifolomu awiri oyera, mafuta opaka m'manja mong'aluka, ndi kabuku ka alendo a m'sitima. M'kabukumo muli mizere yodulidwa kunsi ndi bolopeni. Fulu uja alimo. Chakudya cha mapazi munyanja chilimo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwira ana okopera, wanga yemwe sindinamugwire. Pachiphaso chake cha ntchito panalembedwa kuti wochapa zovala. Kodi ankaganiza kuti ndikanachita naye manyazi? Ine ndinamulera ndi sopo wogula ndi malipiro a uphunzitsi.

Munalinso makhadi awiri osatumiza, olembedwa kale ndi masiku ake omwe. Lina ndi la ku Bali, kumene Janeth akuti sitimayo sinaimeko n'komwe. Lina ndi la ku Fremantle, 27 Malichi. Analemba kuti: "Amayi, lero ndili kwa asisi. Andiphikira nyemba, ndadya mbale ziwiri, ndipo tsopano ndakhala padzuwa. Akuti ndikuuzeni kuti ndanenepa."

Ana anga awiri, nonse munandinamiza mwa zilembo zabwino, ndipo amene anakuphunzitsani kugwira pensulo ndine. Ndakwiya nawe, Dyna, sindikubisira. Mwambo unautsata bwino, koma miyezi isanu ndi umodzi unali ndi nambala yanga. Komanso ndaona pachithunzi paja kuti unaima wekha pamutu pa manda, wopanda wokugwira phewa, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa mkwiyo. Ndikanadziwa, bwenzi tikulira limodzi pa kafoni kanga komweka.

Ndikupempha ziwiri. Ukapita kumandako, unditapire mchenga wa pamenepo m'kabotolo, udzatumize akapezeka wobwera. Wa kuzilumba sindikuufunanso.

Chachiwiri ndanena kale pamaso pa abusa, amalume ako ndi a Mvano onse, ndipo ndalemba m'buku langa. Tsiku limene ndidzafe, asadzadikire agogo a ku Mchinji, asadzavale majekete. Adzakuimbire ola lomwelo, ngakhale uli pa shifiti, adzakuuze mawu ake enieni. Sindikufuna kuti iwenso udzavine.

Amayi ako,
Annastazia